Manja a wophunzira pa phewa la amayi athu

Linali Lachisanu, tsiku lokonzekera Sabata, pamene amayi ena a Dorika a mumpingo mwathu kuno ku Migowi anagwa pabwalo akupeta nandolo. Lichero linagwera uko, iwo uku. Mdzukulu amene anawapeza anati pakamwa panali patapotoka, mawu sakumveka, dzanja ndi mwendo wakumanja zili lende ngati si zawo. Anawakweza pa njinga yamoto ya kabaza, mwana wawo wamkazi atawagwirira kumbuyo, ulendo wa kuchipatala. Kumeneko anati ndi sitiroko, ndipo gwero lake linali kuthamanga kwa magazi kumene amayiwa anakhala nako zaka zambiri osadziwa. Patapita masiku angapo anawatumiza ku chipatala china chachikulu cha m'tauni, kumene anakhalako masabata atatu. Ife a dipatimenti ya zaumoyo pampingo, pamodzi ndi amayi a Dorika, tinkasinthana kukawazonda ndi kukasiyira gadiyani ufa, sopo ndi ndalama ya makala.

Kumeneko n'kumene tinaonera pafupi ophunzira za mafizo. Anali awiri amene ankabwera pa bedi la amayiwa, mnyamata ndi mtsikana, onse ovala zoyera, onse aulemu, onse ndi kabuku m'thumba. Sanali madokotala, anali ana a sukulu amene anatumizidwa m'mawodi kuti zimene anawerenga m'mabuku akazigwire ndi manja.

Mnyamatayo mutu unali wakuthwa. Ankatchula minofu ndi mitsempha mayina ake osadodoma, ndipo tsiku lotuluka anapatsa gadiyani pepala lolembedwa bwino m'Chingerezi, lokhala ndi zithunzi za munthu akudzuka pa bedi lalitali, akukhala pa mpando wa ndalema, akugwira chitsulo cha m'bafa. Mtsikanayo sankalankhula zambiri. Tsiku lachiwiri anagwada pambali pa bedi nayamba kufunsa mafunso amene poyamba tinawaona ngati ocheza chabe: Agogo, kunyumba mumagona pati? Chimbudzi chili patali bwanji ndi khomo? Nanga masana, ana akapita kumunda, amatsala nanu ndani? Atamva kuti amagona pansi, anabwereka mphasa ya gadiyani, naiyala pakati pa mabedi, ndipo kwa masiku anayi anaphunzitsa mayi ndi mwana wawo kadzukidwe kochokera pansi: kutembenukira mbali, kutsamira chigongono chamoyo, kugwada, kugwira mpando, kenako kuimirira.

Atabwerera ku Migowi, pepala lija linasungidwa bwino m'Baibulo ndipo silinagwire ntchito ngakhale tsiku limodzi. Za pamphasa zija ndi zimene zinawadzutsa.

Ophunzira onse awiriwa anabwerera kusukulu mabuku awo atasainidwa. Apa ndi pamene panatitsalira funso: kodi amene amaphunzitsa ana amenewa amadziwa bwanji kuti nthawi imene akhala m'mawodi yawaphunzitsadi ntchito? Amayeza chiyani, ndipo ndani amafunsidwa?

Ntchito yatsopano m'dziko muno

Ambiri a ife mawu akuti mafizo tawadziwa posachedwa. Kale munthu akafa ziwalo ankamugoneka m'nyumba, kum'tema mphini, kum'pempherera, basi kudikira. Bungwe la MAP, limene linayamba mu 1979 ndi dzina lakuti Malawi Against Polio ndipo tsopano limatchedwa Malawi Against Physical Disabilities, ndi limodzi mwa amene anatsegula maso a anthu kuti chiwalo chofooka chikhoza kuphunzitsidwanso. Malo a Kachere Rehabilitation Centre ku Blantyre, pafupi ndi chipatala cha Queen Elizabeth, akhala akulandira anthu ovulala msana ndi odwala sitiroko ochokera m'maboma ambiri. Koma kwa zaka zambiri Mmalawi wofuna kukhala katswiri wa mafizo ankayenera kukaphunzira kunja, monga ku Tanzania, Zambia kapena Zimbabwe, ndipo amene analipo m'dziko lonse anali owerengeka.

Zinthu zinasintha mu 2010 pamene College of Medicine ku Blantyre inayamba maphunziro a digiri ya mafizo. Sukuluyi mu 2021 inaphatikizana ndi Kamuzu College of Nursing kupanga Kamuzu University of Health Sciences, imene ambiri amangoti KUHeS. Palinso ophunzira ena a dipuloma, amene amaphunzitsidwa kukhala othandizira pa ntchito yomweyi yobwezeretsa mphamvu m'ziwalo. Womaliza maphunziro amalembetsa ku Medical Council of Malawi asanayambe kugwira odwala payekha.

Kufunika kwawo n'kosachita kufunsa. Kalembera wa 2018 anapeza kuti mwa anthu a zaka 5 kupita m'tsogolo, pafupifupi mmodzi mwa 10 aliwonse ali ndi ulumali wa mtundu wina, ndipo boma la Phalombe lokha linali ndi anthu opitirira 429,000. Kafukufuku wa STEPS wa 2009 anaonetsa kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa akuluakulu atatu m'Malawi ali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi, ndipo ambiri a iwo sankadziwa. Onjezeranipo ngozi za njinga zamoto pa msewu wopita ku Chiringa ndi ku Chiradzulu, ana amene ubongo wawo unavulala pobadwa kapena ndi malungo aakulu, makanda obadwa mapazi opindika, ana opsa ndi moto kapena phala. Onjezeraninso amene anathyoka miyendo ndi misana pamene namondwe wa Freddy anagwetsa miyala ndi matope kuchokera m'mapiri mu Malichi 2023. Onsewa akatuluka m'manja mwa dokotala amafunika wina wowaphunzitsa kukhala, kuyenda, kudya ndi kudzisamalira.

Ntchito imeneyi siphunzirika pa bolodi. N'chifukwa chake wophunzira amatumizidwa m'zipatala kwa masabata angapo malo amodzi, kenako kwina: wodi ya mafupa, wodi ya ana, ya odwala chifuwa, ya ofa ziwalo, ndiponso kumidzi. Akuluakulu anati mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi. Ku United Kingdom wophunzira mafizo amafunika kukwanitsa maola osachepera 1,000 ali pakati pa odwala asanamalize. Koma maola okha sanena zonse. Munthu akhoza kukhala maola 1,000 m'wodi atatsamira khoma, akuonerera.

Kudziwa nsima ndi kuphika nsima

Mu 1990 mphunzitsi wa madokotala wa ku America, George Miller, anafotokoza kuti luso la wachipatala lili ndi masitepe anayi: kudziwa chinthu, kudziwa kachitidwe kake, kuonetsa pamaso pa mphunzitsi kuti ungathe, ndi kuchichita tsiku ndi tsiku pamene palibe wokuyesa. Amayi a m'mudzi akanatha kumuuza zomwezo. Mtsikana akhoza kudziwa kuti nsima ndi ufa ndi madzi. Akhoza kufotokoza kuti umayamba ndi phala, likathakatha n'kumathira ufa pang'onopang'ono. Akhoza kuphika kam'phika kakang'ono amake ataima pomwepo. Koma mudzadziwa kuti ndi wophika tsiku la msonkhano wa misasa, nkhuni zili zaziwisi, mphika ndi waukulu, alendo akudikira.

Mayeso olemba amayeza masitepe awiri oyamba. Pofuna kuyeza lachitatu, masukulu a zachipatala amagwiritsa ntchito mayeso otchedwa OSCE, amene Ronald Harden ndi anzake anawafotokoza mu 1975 ku Scotland. Wophunzira amazungulira m'timagawo, paliponse mphindi zochepa. Apa ayeze bondo, apo aphunzitse munthu kuyendera ndodo, belu likalira asunthe. Ubwino wake ndi wakuti aliyense amakumana ndi mafunso ofanana, ndipo wochonga amakhala ndi mndandanda wa zoyenera kuona, choncho kukondera kumachepa. Koma wodwala wa pa mayeso otere nthawi zambiri ndi munthu wabwinobwino wongoyerekeza. Sanunkha mkodzo, salira, alibe gadiyani wotopa amene wagona pansi pa bedi milungu itatu.

Sitepe lachinayi limaoneka m'wodi mokha, ndipo amene amaliona ndi katswiri woyang'anira wophunzirayo. Iye amasaina kabuku kosonyeza odwala amene wophunzira wagwira, amamuonerera akuyeza wodwala weniweni, amamufunsa chifukwa chake wasankha njira iyi osati ina, ndipo pamapeto amalemba za khalidwe lake: kusunga nthawi, ulemu, chinsinsi, kudziwa malire ake. Pa pepala dongosololi ndi labwino. Pamene tinaliona likutsimphina ndi apa: woyang'anirayo ndi munthu mmodzi wokhala ndi ntchito zitatu. Ali ndi mzere wa odwala ake panja, ndi mphunzitsi, ndiponso ndi woweruza. Akachoka kupita ku msonkhano kapena ku maliro, ophunzira amatsala okha.

Tsiku lotere tinaliona. Woyang'anira kunalibe, ndipo gadiyani pofuna kukhazika amayi ake anawakoka dzanja lakufalo, wophunzira wamwamuna uja ali pomwepo akulemba m'kabuku. Sanalankhule kanthu. Phewa la munthu wa sitiroko limakhala ndi minofu yofooka yosatha kuligwira bwino, ndipo kulikoka kumaliguza m'malo mwake. Amayiwa analira ndi phewa limenelo miyezi ingapo, mwakuti nthawi zina ankakana kuchita mafizo chifukwa cha ululu. Sitikumuda mnyamatayo. Tikukhulupirira kuti pa mayeso akanayankha bwino kuti dzanja lotere silikokedwa. Chimene chinasowa ndi munthu woima pambali pake womuuza kuti, waona zimene zachitikazo? Bwerera ukamuphunzitse gadiyani. Cholakwa chimene sichinaonedwe ndi wina aliyense sichilowa m'kabuku, ndipo sichiphunzitsa.

Choncho poyeza maphunziro a m'mawodi, si wophunzira yekha woyenera kuikidwa pa sikelo. Malowo nawo ayezedwe. Kodi woyang'anira mmodzi ali ndi ophunzira angati? Kodi pa sabata amakhala nawo pansi kangati kukambirana zimene zayenda ndi zimene zalakwika? Kodi iye mwini anaphunzitsidwa kaphunzitsidwe, kapena anangopatsidwa ana chifukwa ndiye analipo? Kodi wophunzira wakumana ndi matenda amitundumitundu, kapena masabata onse anathera pa misana yowawa? Kodi anali ndi pogona ndi ndalama yoyendera, kapena ankafika m'wodi ali ndi njala? Masukulu amapereka mapepala oti ophunzira alembepo maganizo awo, ndipo n'zoyenera. Koma ife Amalawi timadzidziwa. Mwana woleredwa bwino sanena wamkulu, makamaka wamkulu amene ali ndi cholembera cha malikisi ake m'manja. Ngati pepalalo lili ndi dzina, kapena likubwezedwa kwa munthu yemweyo, yankho lidzakhala lakuti zonse zinali bwino.

Chingerezi cha m'kalasi, ululu wa m'Chichewa

Pali mbali ina imene tikuona kuti siyezedwa mokwanira, ndiyo chilankhulo. Wophunzira amaphunzira thupi lonse m'Chingerezi, koma wodwala amamva ululu m'Chichewa, ndipo kuno kwathu agogo ena amasakaniza ndi Chilomwe. Munthu akanena kuti mwendo wachita dzanzi, wina kuti ukubaya ngati singano, wina kuti ukuwotcha, wina kuti ukuyenda nyerere, wina kuti m'thupi mukuphwanya, wina kuti msana wamanga, mawu amenewa si amodzi. Dzanzi, kuwotcha ndi nyerere kawirikawiri zimaloza ku mtsempha. Kumanga kumaloza ku minofu kapena mfundo. Wophunzira amene zonsezi amazilemba ndi liwu limodzi la Chingerezi wataya theka la zimene wodwala wamuuza.

Mbali inanso ndi yobweza. Kumuuza gogo kuti achite kakhumi katatu pa tsiku n'kosavuta, koma gogo alibe wotchi ndipo kuwerenga kumamusokoneza. Wophunzira wamkazi uja anamangirira mafizo ku zochitika za tsiku: mukatha kupemphera m'mawa, phala lisanafike; masana nsima ikamaphikidwa; madzulo nkhuku zikamalowa. Ndipo sanafunse kuti mwamva? popeza aliyense amayankha kuti eya. Ankati, Achemwali, tandionetsani mmene mukawadzutsire mawa kunyumba. Gadiyani akalakwitsa, ankabwereza mpaka manja atazolowera. Luso limeneli likhoza kuyezedwa mosavuta: woyang'anira aitane gadiyani pambali, wophunzira palibe, amuuze kuti aonetse zimene waphunzitsidwa. Zimene gadiyani angathe ndiwo malikisi a wophunzira.

M'zipatala zathu gadiyani ndi amene amasambitsa, kudyetsa, kutembenuza ndi kunyamula. Katswiri wa mafizo amakhala ndi wodwala mwina theka la ola. Maola ena onse a tsiku ali m'manja mwa mwana wamkazi, mlongo kapena mpongozi amene sanalowepo m'kalasi ya zachipatala. Maphunziro amene saphunzitsa wophunzira kugwira ntchito kudzera mwa munthu ameneyu akumukonzekeretsa dziko lina, osati lino.

Zimene Migowi angaphunzitse

Kwa zaka zambiri chichokereni pamene Phalombe anapatulidwa ku Mulanje kukhala boma palokha mu 1998, kunalibe chipatala chachikulu cha boma, ndipo odwala ovutika ankadalira chipatala cha mishoni cha Holy Family kapena ulendo wa ku Zomba ndi Blantyre. Mu 2022 chipatala cha boma chinatsegulidwa kuno ku Migowi, n'kupatsidwa dzina la John Chilembwe. Ife tikuona kuti malo ngati amenewa, pamodzi ndi midzi yowazungulira, ali ndi maphunziro amene chipatala cha mumzinda sichingapereke.

Wophunzira amene wangozolowera chipinda chokhala ndi zitsulo zoyendera, njinga zopalasa pamalo amodzi ndi makina a magetsi, akafika pakhomo la kumudzi amaona ngati palibe chogwirira ntchito. Koma zida zilipo. Mitengo iwiri ya bulugama kapena nsungwi zolimba zokhomedwa pa mphanda zimakhala pogwira pophunzira kuyenda. Chubu chakutha cha njinga chimakoka minofu ngati lamba wogula. Botolo lodzaza mchenga ndi cholemetsa. Mpando wakale wobooledwa pakati, woikidwa pa dzenje la chimbudzi, umabwezera ulemu kwa munthu amene sangathe kunjuta. Kalipentala wa pamsika akhoza kupanga kampando ka pangodya kothandiza mwana wosakhazikika kukhala tsonga, ngati wina wam'patsa miyeso. Kutola nyemba m'lichero, kutong'ola chimanga, kumanga mfundo ya chitenje, zonsezi ndi mafizo a zala.

Ndipo pali zina zimene munthu amangozidziwa akaponda yekha. Njinga ya olumala imene imayenda bwino pa simenti ya m'wodi imatitimira mumchenga wa m'chilimwe ndi m'matope a m'dzinja, ndipo siikwera njira za m'munsi mwa phiri la Michesi. Kumuuza wodwala kuti azibwera Lachiwiri lililonse n'kumuuza kuti azilipira kabaza wa anthu awiri, kupita ndi kubwera, pa nthawi imene banja lasiya kulima chifukwa cha matendawo. Akapanda kubwera, m'buku amalembedwa ngati wosamvera. Wophunzira amene wayendako ndi mlangizi wa zaumoyo mpaka pakhomo sadzalembanso mawu amenewo mofulumira.

Tikanakhala ndi mwayi wolankhula kwa okonza maphunzirowa, tikanapempha chinthu chimodzi: wophunzira aliyense, asanamalize, atsatire wodwala mmodzi kuchokera pa bedi la chipatala mpaka pakhomo pake, patapita mwezi kapena iwiri, akaone ndi maso ake chimene chatsala pa zonse anaphunzitsa. Tikudziwa kuti zimenezi zimafuna mafuta ndi munthu womuperekeza, ndipo kutumiza mwana kumudzi wopanda womuyang'anira n'koipa kuposa kusam'tumiza. Koma lamya zilipo tsopano. Ngakhale kuimbira gadiyani patapita masabata anayi kungaulule zambiri.

Ife a Adventist ndi madzi otentha

Nkhani imeneyi si yachilendo kwa mpingo wathu. Ku Battle Creek ku America, chipatala chimene John Harvey Kellogg ankatsogolera chinatchuka ndi kuchiritsa pogwiritsa ntchito madzi, kusisita thupi, kuwala kwa dzuwa ndi masewera olimbitsa thupi, ntchito ya mafizo isanakhazikike monga tikuidziwira lero. Loma Linda University imaphunzitsa akatswiri a ntchitoyi mpaka pano. Kuno kwathu mishoni ya Malamulo ku Makwasa, imene inayamba mu 1902, inadziwika ndi kusamalira odwala khate, anthu amene manja ndi mapazi awo ankafuna chisamaliro cha tsiku ndi tsiku, ndipo koleji yake yakhala ikutumiza anamwino ndi makiliniko ofesala m'mawodi kukaphunzira pa odwala enieni. Ambiri a ife tagwidwapo ndi manja a wophunzira osadziwa.

Koma cholowa chimenechi chili ndi msampha wake. Chifukwa tinamva kuti madzi amachiritsa, timathamangira kuthowa. Amayi athu aja atangofika kunyumba, alongo ena achikondi anabwera ndi nsalu ndi ndowa ya madzi owira kuti athowe mwendo wakufawo. Mwana wawo anawaletsa, chifukwa wophunzira uja anamuchenjeza kuti khungu la mbali yofa nthawi zambiri silimva kutentha, ndipo munthu akhoza kupsa mpaka matuza osadziwa. N'chimodzimodzi odwala shuga amene mapazi awo achita dzanzi. Panali kukhumudwa pang'ono tsiku limenelo, koma mwendo unapulumuka.

Panabukanso funso la Sabata. Ena m'banjamo ankaona kuti mafizo ndi ntchito, choncho ayime kuyambira Lachisanu dzuwa litalowa. Tinakambirana ndi akulu a mpingo ndipo tinagwirizana kuti munthu wosatha kudzitembenuza ayenera kutembenuzidwa pafupifupi maola awiri aliwonse, Sabata kapena ayi, apo ayi zilonda zimayamba pa matako, m'chiuno ndi ku zidendene, ndipo zilonda zoterezi zimapha. Kuwongola mfundo kuti zisaume kuli m'gulu lomwelo. Munthu wa pa thamanda la Betesida, amene anadwala zaka 38, anadzutsidwa ndi kunyamula mphasa yake tsiku la Sabata. Kwa achinyamata athu amene akuphunzira ntchitoyi, nkhani ndi ina pang'ono: kuthandiza wodwala wovutika pa Sabata ndi chifundo, koma mayeso ndi makalasi ndi zoti akambirane ndi aphunzitsi awo kumayambiriro kwa chaka, mwaulemu, osadikira kuti ndandanda ituluke.

Wophunzira akafika pa bedi lanu

Banja lili ndi mbali yake. Muli ndi ufulu wodziwa kuti amene akukugwirani ndi wophunzira, ndipo wophunzira woleredwa bwino amanena yekha asanakhudze munthu. Mukhoza kufunsa dzina la amene akumuyang'anira, ndipo mukhoza kukana popanda kutaya thandizo lanu. Amayi amene sakumasuka kuvulidwa ndi mnyamata wa msinkhu wa mdzukulu wawo anene, si mwano. Komabe ife tikulimbikitsa kuvomera pamene n'kotheka. Wophunzira kawirikawiri amakhala ndi nthawi yochuluka kuposa katswiri wothamangitsidwa ndi mzere, ndipo katswiri amene adzatithandize zaka zikubwerazi ndi yemweyu amene lero manja akunjenjemera.

Chachikulu ndi kunena zoona. Timakonda kusangalatsa achipatala. Akafunsa ngati tachita mafizo kunyumba timati eya, pamene sitinachite. Akafunsa ngati zikupweteka timati pang'ono, pamene misozi ili m'maso. Tikatero timanamiza wophunzira kuti njira yake yagwira, ndipo adzaibwereza kwa anthu ena zana. Muuzeni kuti pepala lanu sitinathe kuliwerenga. Muuzeni kuti kwathu kulibe bedi. Muuzeni kuti tinapitanso kwa asing'anga kapena kuti tikumwetsa mankhwala azitsamba, ayenera kudziwa. Safunsa anadya phula, ndipo wosauzidwa naye amadya lomwelo. Ngati china chalakwika kwambiri, m'zipatala za boma muli ofesi ya ombudsman wa chipatala yolandira madandaulo. Ndipo ngati wophunzira wachita bwino, kauzeni womuyang'anira. Mawu a gadiyani ndi umboni umene iye sakanaupeza mwa njira ina.

Musaiwalenso kuti nthawi ndi yofunika. Munthu akapotoka pakamwa, dzanja likafooka mwadzidzidzi kapena mawu akasokonekera, ndi wa kuchipatala nthawi yomweyo, osati mawa. Pambuyo pake, kuchira kwakukulu kumachitika m'miyezi itatu mpaka isanu ndi umodzi yoyamba, ngakhale kuti kusintha pang'onopang'ono kumapitirira. Miyezi imeneyi ndi imene mabanja ambiri amaitaya akuyendayenda kufuna amene wawalodza. Wodwala adye atakhala tsonga, pang'onopang'ono, chifukwa kutsamwa kumabweretsa chibayo. Mankhwala a kuthamanga kwa magazi asasiyidwe chifukwa munthu wayamba kupeza bwino, ndipo mchere uchepe m'ndiwo.

Amayi athu aja tsopano papita chaka ndi miyezi. Madikoni anakhoma mitengo iwiri ya bulugama kuchokera pakhonde mpaka ku chimbudzi, ndipo achinyamata a Pathfinder anasalaza njirayo. Tsokonombwe anatha mtunda n'kudumpha: anayamba ndi masitepe asanu, kenako kufika pa mtengo wa mango, kenako kwa aneba. Pa Sabata amabwera ku tchalitchi ndi ndodo, mwendo ukukokera pang'ono, ndipo amakhala pa benchi ya kumapeto kuti dzanja lofookalo lisagundidwe. Dzanjalo silinabwerere mwakale. Lichero sangaligwire, ndipo phewa limawakumbutsabe kukazizira. Mwana wawo anayesa kufunsa za mtsikana wa mphasa uja pamene anapita kukatenga mankhwala m'tauni, kuti akamuuze kuti amayi akuyenda. Anamuyankha kuti gulu limenelo linamaliza masabata ake kalekale, ndipo m'wodimo munali ophunzira ena atsopano.